Ngongole ya pa khadi yandimanga kuno ku England: kodi ndalakwa kunena kuti ndasauka?

Nangozo

Ndikupereka moni kwa makolo ndi abale onse a pa gulu lino. Ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu kwa nthawi yaitali osalembapo kanthu, koma lero ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ndili m'chaka chachitatu pa yunivesite ina kumpoto kwa England. Gawo lina la fizi yanga amandichotsera a yunivesite chifukwa ndinakhoza bwino, ndipo gawo lotsalalo pamodzi ndi malo ogona amalipira ndi bambo anga, amene anagulitsa puloti yawo kuti ine ndibwere kuno. Iwo anali atawerengera bwino lomwe, koma mu November 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo kuyambira pamenepo ndalama imene amatumiza ikafika kuno imakhala itafota, nthawi zinanso imachedwa masabata angapo chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja ku mabanki a kwathu.

Banki ina inandipatsa khadi la ngongole, lija ambiri amati kirediti khadi, ndipo poyamba malire ake anali mapaundi 500. Ndinagulira jekete la m'nyengo yozizira ndi chakudya, ndipo ndinkabweza bwinobwino. Ataona kuti ndikubweza anakweza malirewo, kenaka ndinatenganso khadi lachiwiri. Lero makhadi awiriwa ali ndi ngongole ya mapaundi 2,400. Ndalama zambiri ndinatapa pa makina kuti ndilipire lendi pamene za kumudzi zinachedwa, zina ndinatumiza pa maliro a agogo anga, koma sindibisa kuti zina ndinagulira foni yatsopano ndiponso ndinapitira ku London ndi anzanga. Mwezi uliwonse ndimalipira kandalama kochepetsetsa kamene amalemba pa kalata ya ngongole, koma ngongoleyo sikusuntha.

Sabata yatha ndinauza amalume anga pa foni kuti ndasauka, ndipo anakwiya kwambiri. Anati wosauka sakwera ndege, ndipo kuti ndisamatukwane anthu a kumudzi amene akugona ndi njala. Kuyambira tsiku limenelo ndikuchita manyazi ngakhale kulembetsa ku thumba lothandiza ophunzira ovutika la pa sukulu yathu, poganiza kuti ndikhala ndikulanda za anthu osauka enieni. Chonde ndithandizeni nzeru: kodi munthu wa mtundu wanga ndi wosauka, kapena ndangokhala wosasamala?

Mphunzitsi Wopuma

Mwana wanga, wachita bwino kufunsa, ndipo wachita bwino koposa posabisa za foni ndi za ulendo wa ku London. Ine ndikuyankha ngati kholo, choncho usakhumudwe ndikanena kuti amalume ako ananena zoona ngakhale kuti ananena mwaukali. Ndaphunzitsa ku sukulu za pulayimale za m'boma la Dedza zaka zoposa makumi atatu, ndipo umphawi ndinkauona m'kalasi mwezi wa January ndi February, pamene ana ankayamba kujomba chifukwa makolo awatenga kukagwira ganyu ya kupalira m'minda ya eni kuti apeze kambale ka ufa, ndipo amene abwera ankasinza pofika ola lachitatu chifukwa sanalawe kanthu chidzukire. Kafukufuku wa ofesi ya National Statistical Office wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti anthu 50.7 pa 100 alionse m'dziko muno ndi osauka, ndipo pafupifupi munthu mmodzi pa asanu alionse sakwanitsa ngakhale chakudya chokha. Iwe suli m'gulu limenelo, ndipo banja limene linali ndi puloti yogulitsa silili m'gulu limenelo.

Chichewa chathu chimasiyanitsa zinthu zimenezi. Pali munthu amene washota, pali amene wagwa m'ngongole, ndipo pali mmphawi. Woshota amadziwa kuti mwezi ukatha apuma, wangongole ali ndi chingwe m'khosi koma anali ndi dzina loti ena amukhulupirire, pamene mmphawi alibe ngakhale womukongoza. Iwe wagwa m'ngongole, ndipo walira mvula walira matope. Limenelo ndi vuto lalikulu ndithu, koma lili ndi dzina lakelake.

Namwino wa ku Birmingham

Aphunzitsi, ndikukulemekezani, koma pamenepa ndisiyana nanu pang'ono chifukwa moyo wa kuno ndakhala nawo zaka zambiri ndipo ana a sukulu a mtundu umenewu akhala akufika pa khomo panga. Mwana wa pa viza ya maphunziro saloledwa kugwira ntchito kupitirira maola 20 pa sabata sukulu ikamayenda, ndipo pa chitupa chake palembedwa kuti alibe ufulu wolandira thandizo la boma. Kumudzi munthu akasowa ndiwo amathyola chisoso kapena bonongwe kuseri kwa nyumba, akasowa ufa amapita kwa apongozi kapena kwa mnansi, akasowa nkhuni amatola. Kuno kulibe chotola. Kutentha kwa m'nyumba kumagulidwa, madzi amagulidwa, basi yopita ku kalasi imagulidwa, ndipo lendi ikachedwa mwini nyumba samva zoti ku Malawi kwasowa madola. Ndinaonapo mtsikana wina atafika ku tchalitchi chathu mu January milomo itasweka, akudya buledi ndi tiyi basi kwa masabata awiri, koma pa WhatsApp zithunzi zake zinali zowala ndipo abale ake kumudzi ankamupempha ndalama ya feteleza.

Boma la kuno lomwe limayeza umphawi mosiyana ndi kwathu. Banja limawerengedwa kuti lili pa umphawi ngati ndalama zimene limapeza sizifika pa 60 peresenti ya zimene limapeza banja lapakatikati m'dzikoli. Muyeso umenewu umavomereza kuti munthu amasauka poyerekeza ndi malo amene akukhala, chifukwa mitengo imene akulipira ndi ya malo omwewo. Mwana uyu sagula tomato pa msika wa Tsangano, akugula m'sitolo ya ku England.

Wowerengera Ndalama

Ndisanalowe pa mkangano wa dzina, ndiloleni ndiwaonetse achemwaliwa chifukwa chimene ngongole yawo sikusunthira, popeza ambiri amene amatenga makhadiwa sanafotokozeredwe zimenezi. Sindinaone makalata anu, choncho ndingoyerekeza kuti chiwongoladzanja chanu ndi 25 peresenti pa chaka, ndipo inu mukayang'ane nambala yeniyeni pa kalata ya mwezi uno. Pa ngongole ya mapaundi 2,400 chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chimakhala pafupifupi mapaundi 45. Malipiro ochepetsetsa pa makhadi ambiri a ku Britain amakhala chiwongoladzanjacho kuphatikizapo 1 peresenti ya ngongole, ndiye kuti mapaundi 24, zonse pamodzi mapaundi 69. Mukalipira mapaundi 69 amenewo mumamva ngati mwachita kanthu, koma ngongole yeniyeni yatsika ndi mapaundi 24 okha. Mukapitiriza chotero kwa chaka chathunthu osagulanso kanthu pa khadipo, mudzakhala mutapereka pafupifupi mapaundi 780, mwa amenewo oposa 500 apita ku chiwongoladzanja, ndipo ngongole idzakhala idakali pamwamba pa mapaundi 2,100. Choipa china n'chakuti ngongole ikamatsika malipiro ochepetsetsawo amatsikanso, motero munthu amene amangotsatira nambala imene yalembedwayo akhoza kukhala nayo ngongoleyo zaka zambirimbiri.

Koma mutati muzilipira mapaundi 120 mwezi uliwonse osasintha, ngongole yomweyo ikhoza kutha m'zaka ziwiri ndi miyezi iwiri. Kusiyana kwake kwagona pa kusankha nambala yanu yokhazikika m'malo molola banki kukusankhirani.

Pali chinanso chimene ndaona m'nkhani yanu. Mwati munkatapa ndalama pa makina. Mukagula katundu ndi khadi n'kubweza zonse tsiku lisanakwane, simulipira chiwongoladzanja, koma mukatapa ndalama kawirikawiri pamakhala chindapusa cha pomwepo ndipo chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo, nthawi zambiri pa mlingo wokwererapo. Musadzatapenso. Muonenso kuti mwa makhadi awiriwo lokwera chiwongoladzanja ndi liti, ndipo ndalama iliyonse yapadera muziithira pa limenelo uku mukulipira zochepetsetsa pa linalo. Musadumphe mwezi, chifukwa ngongole ikalembedwa kuti yalephereka imakhala pa mbiri yanu ya ngongole zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mabanki amaiona.

Mphunzitsi Wopuma

Achimwene, masamu amenewa andiopsa. Ndili mphunzitsi wachinyamata ndinakongolapo kwa munthu wa katapila mwana wanga atadwala, ndipo ndinabweza theka la ndalamayo pamwamba mwezi umodzi wokha. Ndinkaganiza kuti zoterezi zili kwathu kokha chifukwa cha kusowa malamulo. Kodi kumeneko boma limangoyang'ana ana a sukulu akumangidwa chotere?

Wowerengera Ndalama

Aphunzitsi, katapila ndi woluma kwambiri kuposa khadi, koma katapila amakuopsa ndipo umathamangira kumubweza, pamene khadi limakunyengerera kuti ukhale nalo. Malamulo alipo. Bungwe loyang'anira mabanki la Financial Conduct Authority linalamula mu 2018 kuti munthu akatha miyezi 18 akulipira chiwongoladzanja ndi zindapusa zochuluka kuposa zimene akuchotsa pa ngongole yeniyeni, banki iyenera kumulembera ndi kumuchenjeza, ndipo ikafika miyezi 36 iyenera kumupatsa njira yoti amalizire ngongoleyo. Komabe palibe chifukwa choti achemwaliwa adikire kalata imeneyo. Kuli mabungwe opereka uphungu wa ngongole mwaulere monga StepChange, National Debtline ndi Citizens Advice, ndipo kulankhula nawo si kulandira thandizo la boma.

Mlangizi wa ku Chikwawa

Ndawerenga zonse ndipo mtima wanga sukukhazikika, choncho mundikhululukire ndikalankhula mosapsatira. Ine ndimagwira ntchito ndi alimi a ku Chigwa cha Shire. Namondwe Freddy atadutsa mu March 2023 ndinaona mabanja amene anatsala ndi zovala za m'thupi zokha, munda utakwiririka ndi mchenga, mbuzi zitapita ndi madzi. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba. Ndaona amayi akulowa m'madambo momwe muli ng'ona kukazula nyika kuti ana adye, ndaona mabanja akuphika mango osakhwima. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, imasankha mabanja osaukitsitsa amene alibenso munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo pa msonkhano wosankha mabanjawo anthu amalira chifukwa oyenera amakhala ambiri kuposa malo. Mawu oti wosauka kwa ife ndi mawu amene amatsegula kapena kutseka khomo la chakudya. Aliyense amene zamuthina akayamba kudzitcha wosauka, mawuwo adzatha mphamvu, ndipo amene adzavutike ndi mayi wa ku dambo uja, chifukwa iye alibe mawu ena odzitchulira.

Achemwali, banki inakuonani kuti ndinu woyenera kukongozedwa mapaundi 2,400. Musinthe ndalama imeneyo mu makwacha ndipo muone kuti ndi mabanja angati a kuno amene amaigwira pa chaka chathunthu. Sindikunyoza vuto lanu, koma ndikupemphani kuti mulipezere dzina lina.

Namwino wa ku Birmingham

Abambo a ku Chikwawa, palibe amene akufanizira mwanayu ndi amayi ozula nyika, ndipo iye mwini sanapemphe malo pa Mtukula Pakhomo. Chimene chikundiwawa ine n'chakuti mawu a amalume ake amutsekera khomo limene linamangidwira anthu a mtundu wake. Thumba la ophunzira ovutika pa yunivesite ya ku England silidzapita ku Chikwawa iye akalisiya, lidzapita kwa wophunzira wina wa pa sukulu yomweyo amene sanachite manyazi. Ndipo pa mfundo yanu yoti wokongozedwa si wosauka, kodi alimi anuwo sakongola?

Mlangizi wa ku Chikwawa

Amayi, pamenepo mwandigwira. Amakongola, ndipo ngongole zawo ndi zowawa kuposa zonse. Mlimi amatenga thumba limodzi la chimanga mu January n'kulonjeza kubweza awiri pokolola, kapena amagulitsa mbewu idakali m'munda pa mtengo wozizira, ndipo ena amakongola ku banki m'khonde ina kuti akabweze ku banki m'khonde inzake mpaka anzawo kudzawalanda malata kapena ziwiya. Ndikuvomereza kuti ngongole imatha kukhala msewu wolowera mu umphawi, ndiponso kuti amene akukongola kuti adye kapena kuti asatulutsidwe m'nyumba ndi wosiyana ndi amene akukongola kuti asangalale. Za thumba la pa sukulu ndikugwirizana nanu, apite akalembetse. Koma kusiyana kumene sindingakusiye n'kwakuti mlimi wanga chaka chamawa adzakhala pomwepo, pamene achemwaliwa chaka chamawa adzakhala ndi digiri m'manja.

Wa ku Indiana

Mfundo yomaliza ya alangiziyi ndi imene akatswiri a kuno ku America amalimbana nayonso. Muyeso wa umphawi wa dziko lino unakonzedwa m'zaka za m'ma 1960 ndi mayi wina wogwira ntchito m'boma, Mollie Orshansky, amene anatenga mtengo wa chakudya chotsika mtengo chokwanira banja n'kuuchulukitsa katatu, popeza nthawi imeneyo mabanja ankawononga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zawo pa chakudya. Muyesowo umangoyang'ana ndalama zolowa, suyang'ana ngongole konse, motero munthu amene theka la malipiro ake likupita kwa omukongoza amawerengedwa chimodzimodzi ndi amene alibe ngongole. Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti ofesi yowerenga anthu siwerengera ophunzira ogona m'nyumba za pa koleji poyeza umphawi, pamene ophunzira ochita lendi kunja amawerengedwa, ndipo zimenezi zimachititsa kuti matauni ena a mayunivesite azioneka osauka kuposa mmene alili. Ndiye kuti ngakhale boma silinathe kugamula bwinobwino ngati wophunzira wopanda ndalama ndi wosauka kapena ndi munthu amene akudutsa.

Za makhadiwo, kuno zinafika poipa. Kale makampani ankaika matebulo pa bwalo la koleji sukulu ikamatsegulidwa, n'kumapereka malaya kapena chakudya chaulere kwa wophunzira aliyense wolembetsa khadi. Mu 2009 Pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo lotchedwa Credit CARD Act, limene linaletsa kupereka mphatso zoterozo pa sukulu kapena pafupi ndi sukulu, ndiponso linati munthu wosakwana zaka 21 asapatsidwe khadi pokhapokha ataonetsa kuti ali ndi ndalama zobwezera kapena pakhale wamkulu womusainira. Ndikunena zimenezi kuti achemwali athu adziwe kuti msampha umene agwamo unakola ana ambiri a eni dziko mpaka nyumba ya malamulo inachitapo kanthu. Mbali yawo ya kulakwa ilipo, koma amene anakweza malire a khadi kwa mwana wololedwa kugwira ntchito maola 20 okha ali nayonso mbali yake.

Wophunzira wa ku Zomba

Ndine wamng'ono pa gulu lino koma ndiloleni ndiyankhule ngati wophunzira mnzawo. Ndikuphunzira za chuma, ndipo ndimadalira ngongole ya bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Kuno makhadi a ngongole sitiwadziwa, koma ngongole timaidziwa. Timakongola kwa anzathu, kwa amayi ogulitsa chakudya kunja kwa mpanda, ndi pa foni. Alipo anzanga amene amadya kamodzi pa tsiku, ndipo alipo amene anabwerera kumudzi chifukwa dzina lawo silinatuluke pa mndandanda wa olandira ngongole. Tikapita kumudzi pa tchuthi, anthu amationa ngati olemera chifukwa tili ku yunivesite, ndipo ndikanena kuti ndinagona ndi njala ku Zomba amaseka. Choncho zimene amalume awo ananena kwa achemwaliwa, ine amandinenanso, kungoti m'malo mwa ndege amatchula laputopu.

M'kalasi tinaphunzira kuti Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inakweza muyeso wa umphawi wadzaoneni kuchoka pa madola 2.15 kufika pa madola 3 pa munthu pa tsiku mu June 2025. Pa muyeso umenewo achemwaliwa si osauka ngakhale pang'ono. Koma tinaphunziranso kuti Adam Smith, polemba mu 1776, ananena kuti zofunika pa moyo si zokhazo zimene zimasunga mpweya, komanso zimene mwambo wa dziko umafuna kuti munthu aoneke pa gulu popanda manyazi, ndipo anapereka chitsanzo cha malaya ndi nsapato zachikopa kwa waganyu wa nthawi yake. Kwa wophunzira wa lero laputopu ndi intaneti zili m'gulu limenelo, chifukwa popanda izo ntchito ya m'kalasi siperekedwa. Jekete la ku England lilinso momwemo. Ulendo wa ku London suli momwemo, ndipo ndikukhulupirira kuti iwo akudziwa.

Mbale wa ku Joni

Kuno ku South Africa anthu a mtundu umenewu anawapatsa dzina loti missing middle, kutanthauza ana amene makolo awo amapeza ndalama zopitirira malire a thandizo la boma koma zosakwana kulipira yunivesite. Thandizo la NSFAS, bungwe la boma lothandiza ophunzira, limaperekedwa kwa ana a mabanja amene sapitirira marandi 350,000 pa chaka, ndipo mwana wa namwino kapena wa wapolisi amatha kugwera kunja kwa malirewo. Ana a ife obwera sawerengedwa n'komwe. Zionetsero za ophunzira zokana kukwera kwa fizi, zotchedwa FeesMustFall, za mu 2015 zinakula chifukwa cha ululu womwewu, ndipo mpaka lero alipo amene anamaliza maphunziro koma satifiketi yawo inagwidwa chifukwa cha ngongole ya fizi. Mwana wanga woyamba anayamba ndi akaunti ya ku sitolo ya zovala, kenaka khadi la ku banki, ndipo pomwe ndinkadziwa anali atafika kale kwa mashonisa, amene kwathu timati akatapila. Chimene chinandipweteka koposa ndalamazo n'chakuti anandibisira chaka chathunthu poopa kuti ndidzati sayamika. Ndiye funso langa kwa Nangozo ndi ili: kodi bambo ako akudziwa?

Nangozo

Zikomo nonse, ndawerenga mawu aliwonse kawiri. Abambo a ku Joni, bambo anga sakudziwa. Amalume ndinawauza chifukwa ndinkaona ngati adzandimvetsa n'kukawafotokozera bambowo mwaulemu, koma sanatero. Ndimaopa kuuza bambo chifukwa anagulitsa puloti imene ankafuna kudzamangapo nyumba yopumiramo, ndipo nthawi iliyonse tikamalankhula amandifunsa ngati ndikudya bwino, ine n'kuyankha kuti inde. Pali chinanso chimene sindinanene poyamba. Pa ndalama imene ndimapeza ku ganyu yanga yosamalira okalamba, ndimatumiza mapaundi 40 mwezi uliwonse kwa azakhali anga amene akulera ana a malemu achimwene awo, chifukwa atandipempha koyamba ndinalephera kukana, ndipo tsopano amaidalira. Ndikatumiza ndalama imeneyo ndi pamene chakudya changa cha kumapeto kwa mwezi chimapita pa khadi.

Namwino wa ku Birmingham

Mwana wanga, ndiye kuti ukukongola pa chiwongoladzanja kuti uthandize ena, ndipo amene ukuwathandizawo sakudziwa kuti ndalamayo ndi yangongole. Zimenezi ambiri a ife tinazichita m'zaka zathu zoyamba kuno. Azakhali ako si adani ako, akudalira chithunzi chimene iwe mwini wawapatsa. Uwauze zoona, ndipo ngati sungathe kusiyiratu, uchepetse mpaka ngongoleyo itatha. Pa tchuthi malamulo a viza amakulola kugwira ntchito maola onse, koma uyambe wafunsa ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja masiku enieni amene sukulu yako imawerenga kuti ndi tchuthi, chifukwa kupitirira maola pa nthawi yolakwika kukhoza kukuwonongera viza, ndipo limenelo lingakhale tsoka loposa ngongole. Ndakutumizira uthenga wapadera. Ngati uli pafupi ndi sitima yobwera kuno, Lamlungu ubwere udzadye nsima, tidzaone makalatawo limodzi.

Mphunzitsi Wopuma

Nkhani ya azakhali yandisintha pa zina. Ndikadali pa mawu anga oti mwana uyu si mmphawi, ndipo ndikufuna kuti asaiwale kusiyana kwake ndi ana aja a mu February, chifukwa tsiku lina adzabwera kudzagwira ntchito pakati pawo. Koma ndikuona kuti ife a kumudzi tili ndi mlandu. Mwana akangokwera ndege timamuika pa mndandanda wa othandiza, osafunsa ngati wayamba kulandira malipiro, ndipo akadandaula timamutseka pakamwa ndi umphawi wathu. Inenso ndinapemphapo mwana wa mlongo wanga ndalama ya malata ali pa sukulu ku Cape Town, ndipo lero ndikudzifunsa kumene anaitenga. Mwana wanga, bambo ako uwauze iwe mwini, usatumenso munthu. Kholo limene linagulitsa puloti lidzamva kuwawa, koma lidzamva kuwawa koposa likadzamva kwa ena. Uyambe ndi nambala yeniyeni, unene za lendi ndi za maliro, unenenso za foni monga wanenera kuno.

Nangozo

Ndabweranso patapita masiku asanu ndi anayi kuti ndikudziwitseni. Ndinayang'ana makalata monga anandiuzira a Wowerengera Ndalama, ndipo ndinapeza kuti khadi lachiwiri lili ndi chiwongoladzanja chokwera kuposa loyamba, ndipo ndi limene ndinkatapira ndalama. Ndalidula ndi lumo ndipo ndalichotsa mu foni. Ndinaimbira bungwe limodzi mwa aja a uphungu waulere, ndipo tinatha pafupifupi ola tikulemba ndalama zolowa ndi zotuluka. Ndalembetsanso ku thumba la ophunzira ovutika. Pa fomu yawo panalibe funso loti kodi ndine wosauka, anangofuna makalata a ku banki a miyezi itatu, mgwirizano wa lendi, ndi kufotokoza chimene chinasintha kuyambira pamene ndinabwera, ndipo ndinalemba za kugwa kwa kwacha. Yankho silinabwere.

Bambo ndinawauza Loweruka. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinaganiza kuti foni yaduka, kenaka anandifunsa kuti ndinadya chiyani tsiku limenelo, ndipo ulendo uno ndinawayankha zoona. Anati za azakhali azisenza iwo pamodzi ndi amalume mpaka ndimalize sukulu. Amalume sanandiimbirebe.

A Wowerengera Ndalama, ndi mapaundi 40 aja ndikhoza tsopano kulipira mapaundi 110 pa mwezi, ndipo pa tchuthi ndidzawonjezera. A bungwe la uphungu anatchulapo za kusamutsira ngongole pa khadi lina lopanda chiwongoladzanja kwa miyezi ingapo, koma anati mwina sindingavomerezedwe. Kodi ndiyesere, kapena kufunsirako kungawononge mbiri yanga?

Wowerengera Ndalama

Achemwali, musalembetse mwachindunji. Yambani ndi chida choyezera ngati mungavomerezedwe, chimene mabanki ambiri amaika pa intaneti, chifukwa chimenecho sichisiya chizindikiro chimene okongoza ena amaona, pamene kulembetsa kwenikweni kumasiya. Akakuvomerani muwerengere chindapusa chosamutsira, chimene chimakhala maperesenti ochepa a ngongoleyo, mulembe pa khoma tsiku limene miyezi yopanda chiwongoladzanja idzathe, ndipo pa khadi latsopanolo musagulirepo kanthu ngakhale buledi. Akakukanani, pitirizani ndi mapaundi 110 aja, zochepetsetsa pa khadi loyamba ndipo zotsala zonse pa lachiwiri. Munditumizire manambala a chiwongoladzanja a makhadi onse awiri, osatumiza nambala za makhadiwo, ndipo ndikuwerengerani mwezi umene lachiwirilo lidzathe.